Batala wa ku Kabulonga

Amuna anga anagwa Lachitatu m'mawa akumanga tayi. Tinkakhala ku Kabwata, mu Lusaka, nthawi imeneyo, m'nyumba ya kampani ya inshuwalansi kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki. Ine ndinali pakhonde ndikupukuta nsapato zawo, poti tinkanyamukira limodzi, iwo ku Cairo Road, ine ku ofesi ya boma kumene ndinkatayipa makalata. Ndinangomva akuti, "Mayi, mutu wanga!" Kenako chinthu cholemera chinagunda kabati. Nditalowa ndinawapeza ali chagada pakati pa bedi ndi khoma, pakamwa patapotokera mbali imodzi, atasanzira shati yoyera.

Mnansi wathu wina anali ndi kagalimoto konyamulira makala. Tinawagoneka kumbuyo pamphasa, mutu wawo uli pamiyendo panga, ndipo njira yonse mpaka kuchipatala chachikulu ndinkawaitana, iwo akungoliza mkonono. Ana athu awiri anali atapita kale kusukulu. Sindinawaganizire n'komwe mpaka dzuwa litapendeka.

Masiku amenewo kunalibe makina ounikira m'mutu amene ndikumva kuti alipo tsopano. Anawapinda ngati khanda n'kuwabaya singano yaitali kumsana, ndipo madzi amene anatuluka anali ofiirira. Dokotala wa m'wodimo, bambo wamtali wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, anandikokera pambali.

"Ba mayo, mtsempha waphulika mu mutu. Magazi yangena mu ubongo."

"Ndiye muwachita opaleshoni?"

"Apa sitingachite. Tizayembekeza chabe. Benangu bamauka, benangu sibauka."

Kuti zimveke zimene ndinachita pambuyo pake, ndiyenera kubwerera m'mbuyo zaka ziwiri. Kampani ija inkatumiza antchito ake kwa dokotala wina ku Woodlands kuti akawapime. Amuna anga anabwerako ndi pepala. Dokotalayo anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, komanso kuti mafuta a m'magazi, amene anawatchula kuti kolesterolo, achuluka. Anawapatsa mapilisi a bipi, ndipo papepalalo analembapo zakudya zoti asiye. Choyamba pamwamba penipeni chinali batala.

Iwo anaseka, n'kuliponya pepalalo patebulo. Ine ndinalitola n'kulimata ndi ulimbo wa ku ofesi kuchitseko cha kabati ya kukhitchini. Bambo anga anamwalira ndi mtima ndili wamng'ono, ndipo ndinali nditaona mmene mayi anga anavutikira. Ndinalumbira kuti ine umasiye woterewu sundipeza.

Amuna anga ankakonda kudya. Ankakonda mazira okazinga m'mawa, chikopa cha nkhuku, mang'ina a Loweruka amene ankaphika okha pambaula. Zonsezi ndinazithetsa. Ndiwo zamasamba ndinkangowiritsa ndi tomato, tinsomba ta kapenta chimodzimodzi. Sizinali zovuta kwenikweni, chifukwa zinali zaka zija za kusowa kwa zinthu, pamene mafuta ophikira, amene ku Lusaka timati saladi, munthu unkawaimira pamzere kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndikapeza botolo ndinkasinthanitsa ndi anansi, iwo n'kundipatsa sopo. Tsiku lina ndinapeza m'thumba la jekete lawo pepala lonona mafuta, lokulungira soseji, ndipo sindinawalankhule masiku awiri. Sanabwerezenso. Anali munthu wofatsa, wosakonda mkangano. Anaonda mpaka mathalauza onse ndinakawachepetsa kwa telala, ndipo ine ndinkanyadira poyenda nawo kupita kutchalitchi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandiuza pamaso. Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, anakwatiwa ndi munthu wa udindo m'chipani ndipo ankakhala ku Kabulonga. Tsiku lina pa ubatizo wa mwana wa achibale, anthu atadzaza, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mlamu, mlongo wangayu mukumupha ndi njala. Khosi lake laonekera mitsempha ngati la nkhuku yodwala." Ndinawayankha mwachipongwe kuti kunenepa si thanzi. Kuchokera tsiku limenelo tinkangopatsana moni wa pakamwa.

M'wodi muja, bedi loyandikana ndi la amuna anga panagona telala wina wa ku Kamwala, Msilamu, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Anabwera naye tsiku lomwelo, nthenda yake yomweyo. Anali munthu wamkulu thupi, mimba yake inkatukula bulangete ngati chulu. Mkazi wake ndi ine tinkakhalira benchi limodzi pakhonde, tikugawana madzi ndi chinangwa chootcha. Lachisanu masana telalayo anatsegula maso n'kupempha tiyi. Mawu ankatuluka opindika, koma anali mawu. Mkazi wake anagwada pansi akulira ndi kuthokoza Mulungu. Ine ndinakondwera naye, koma maso anga anabwerera pabedi lathu. Amuna anga anali chigonere, kapaipi kali m'mphuno, dzanja lamanja lili lende.

Loweruka m'mawa kunabwera dokotala wamkulu, mzungu wachikulire, ndi gulu la ophunzira. Achibale tonse anatitulutsa, koma ine ndinaima kuseri kwa chitseko, pafupi ndi bedi la amuna anga. Ankalankhula Chingerezi, ndipo mwina ankaganiza kuti mayi wovala chitenje sangamve. Koma ine ndinali nditatayipa Chingerezi zaka khumi ndi zitatu. Ndinamva mapepala akutembenuzidwa. Kenako mzunguyo anati, "Taonani apa. Mafuta a m'magazi mwa bamboyu ndi ochepa kwambiri. Alipo ena amene amaganiza kuti odwala otere, magazi akakha mu ubongo, sachira bwino. Sindikudziwa ngati n'zoona, koma ndaonapo angapo." Wophunzira wina anafunsa kanthu, ena anaseka pang'ono, n'kusunthira pabedi la telala.

Mawu akuti "sindikudziwa ngati n'zoona" ndawakumbukira patapita zaka. Tsiku limenelo sanandilowe m'khutu. Chimene ndinamva n'chakuti mafuta ndi ochepa, ndipo munthu amene anawachepetsa ndine. Madokotala atachoka, ndinayang'ana pazenera la chitseko, uku telala wonenepa akumwetsedwa phala ndi mkazi wake, uku amuna anga nthiti zikuwerengeka pansi pa nsalu. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo.

Sindinakhalitse. Maganizo anandibwerera amodzi okha: chimene ndinachotsa ndichibwezere. Ngati batala ndiye anali pamwamba pa pepala lija, ndiye kuti batala ndi amene ali ndi mphamvu kuposa zonse. Ndinamupempha mkazi wa telala kuti aziwayang'anira amuna anga, ine n'kutuluka.

Ndinayamba m'tauni. Sitolo yoyamba mashelefu anali mbee, kupatula zitini za polishi ndi mapaketi a mchere. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa sitolo yaikulu ya boma panali mzere wokhota mpaka kuseri, ndipo nditafunsa, mayi wina anati kwamveka kuti kwabwera majarini. Ndinaima. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linkawotcha pamutu ngati mbaula. Anyamata a chipani ankayendayenda ndi timikwapulo akuwongola mzere, ndipo ndinamugwira mmodzi dzanja n'kumuuza kuti amuna anga akufa kuchipatala, andilole ndipite kutsogolo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amai, bonse pano bali na odwala." Sananame. Nditatsala anthu ngati khumi kuti ndifike pakhomo, anatseka chitseko. Zinthu zinali zitatha, ndipo amene ankatuluka ananyamula sopo wochapira, osati majarini.

Ndinaima pamsewu ndikuganiza kolowera. Mu Lusaka yense ndinkadziwa nyumba imodzi yokha imene batala sankasowamo. Ndinali nditamuona ndi maso anga, m'mbale yagalasi yokhala ndi chivundikiro.

Minibasi inanditsitsa patali, ndipo ndinayenda wapansi m'misewu ya ku Kabulonga ija ya mitengo ikuluikulu, yopanda munthu, agalu akuuwa kuseri kwa mipanda. Mlonda wa pageti sanandizindikire. Ndinali ndisanasambe masiku atatu, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anandiimika panja mpaka alamu anatuluka okha.

Iwo ankabwera kuchipatala tsiku lililonse masana, n'kuima kumutu kwa bedi, n'kupemphera, n'kubwerera osandiyang'ana. Atandiona pageti anagwira pachifuwa.

"Wamwalira?"

"Ayi, alamu. Akadali moyo."

"Nanga mwamusiya ndi yani?"

Ndinagwada pamiyala ya pageti pomwepo, mlonda akuona. "Alamu, munanena zoona. Ndine ndawapha. Adokotala akuti mafuta atha m'magazi. Ndithandizeni batala."

Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma sanatero. Anawerama n'kundidzutsa.

"Dzukani, mlamu, anthu akuona. Adokotala anena choncho ndithu?"

"Ndamva ndi makutu anga."

Sanafunsenso china. Anali mayi wophunzira, anali ataphunzitsapo sukulu, koma tsiku limenelo nzeru zawo zinathawa limodzi ndi zanga. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi batala wathunthu wokutidwa ndi pepala lasiliva, mazira asanu ndi limodzi m'mbale, ndi botolo la mkaka. Anaitana dalaivala. M'galimoto anandigwira dzanja njira yonse. Batala ndinamufumbata pachifuwa, ndikumva akufewa ndi kutentha.

Tinafika nthawi yoona odwala itayamba. Sisitala woyang'anira wodi anali mayi wamfupi, wolimba, amene ankagwira ntchito ya anthu atatu. Ndinamutsatira mpaka patebulo pake n'kumuonetsa zimene tinabweretsa. Ndinamupempha kuti asungunule batalayo, asakanize ndi mkaka ndi mazira, awathirire m'kapaipi kaja.

"Nindani wakuuzani ivi?"

"Adokotala aakulu anena kuti mafuta achepa."

"Amai, ine nipasa vamene balemba. Ivi sibanalembe. Yendani nazo kunyumba mukapase bana."

Alamu anayesa kulankhula mwaukulu, anatchula udindo wa amuna awo. Sisitala sanatembenuke n'komwe. Wodwala wina ankabuula kumapeto kwa wodi, ndipo anapita kumeneko.

Tinabwerera pabedi. Alamu anaima chakumapazi, thupi lawo likutchinga njira. Sitinapangane, koma aliyense ankadziwa chimene mnzake akuganiza. Ndinatsegula pepala lasiliva lija, ndinatapa batala ndi chala, n'kutsegula pakamwa pa amuna anga. Lilime linali louma, loyera. Ndinapaka. Ndinawanong'oneza kuti, "Bambo, idyani. Ndi batala uyu. Idyani, sindikukanizaninso." Ndinatapanso kachiwiri, kochulukirapo. Kenako ndinatenga supuni n'kuthira mkaka pang'ono kuti atsetsereke.

Pakhosi pawo panalira ngati madzi akuwira. Chifuwa chinadumpha, nkhope inada, maso anatuzuka osaona kanthu. Mkazi wa telala anakuwa. Sisitala anafika akuthamanga, anandikankhira kumbali mpaka ndinagunda kakabati ka pambali pa bedi, anawatembenuzira chammbali, n'kulowetsa zala m'kamwa. Anakuwira mnzake kuti abweretse makina okokera, ndipo kwa nthawi imene sindingaiyeze ndinkangomva makinawo akufwenthera. Mazira anali atagwa pansi. Alamu anali atagwira chitsulo cha bedi, akutchula dzina la Yesu mobwerezabwereza.

Mpweya unabwerera. Sisitala anawongoka, thukuta lili kamukamu, n'kundiloza ndi chala chonona batala.

"Mufuna kubapaya? Munthu uyu sangameze! Mufuna bafe na manja yanu?"

Ndinatuluka n'kukakhala pabenchi lija, ndikuyang'ana chala changa.

Dokotala wamtali uja anandipeza pomwepo chakumadzulo, dzuwa lisanalowe. Sisitala anali atamuuza zonse. Anakhala pambali panga, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa jasi lake. Anayesetsa kulankhula Chinyanja choyera kuti ndimve bwino.

"Ba mayo, mafuta a m'magazi si monga madzi a mu ndowa, kuti mwathira lero, mawa yadzala. Ngakhale mukanawadyetsa batala yense wa mu Lusaka, sichikanasintha chilichonse pa bala lili mu mutu."

"Koma adokotala aakulu anati ochepa mafuta sachira."

"Anati ena amaganiza choncho. Palibe amene adziwa bwino. Mwina mafuta ochepa amafooketsa mitsempha. Mwina munthu akadwala kwambiri, mafuta amatsika okha chifukwa cha kudwalako, ndiye ife tipima pambuyo, tiona ochepa. Ine sindidziwa chimene chiyamba."

"Nanga uyo wonenepayo wauka bwanji?"

"Magazi ake anakha pang'ono, pamalo abwinoko. A amuna anu anakha ambiri, mkati. Ndaona onenepa akufa pa bedi lomwelo." Anavalanso magalasi. "Ndifunseko. Mapilisi a bipi anali kumwa?"

Funso limeneli linandilasa pena. Mapilisi anali atatha miyezi itatu m'mbuyomo. Tinayenda m'mafamase a m'tauni, ku Woodlands, mpaka ku Chelstone kumene wina anatiuza kuti aliko, koma kulikonse ankati mankhwala sanabwere, ndalama zakunja zoitanitsira kulibe. Amuna anga anati akumva bwino, tisadzivutitse. Ine ndinavomera, chifukwa mumtima ndinkati chakudya ndachigwira bwino, mapilisi ndi ongothandizira. Ndinamuuza dokotalayo zonsezi.

Anapumira m'mwamba. "Ndiye bipi. Kawirikawiri chimaphulitsa mtsempha ndi bipi." Atandiona nkhope anawonjeza msanga kuti, "Si inu munatseka mafamase, ba mayo."

Ankafuna kunditonthoza, ndikudziwa. Koma ine ndinachoka pabenchipo ndi milandu itatu m'malo mwa umodzi: chakudya chimene ndinawamana, mapilisi amene ndinaleka kufunafuna, ndi mkaka umene ndinawathira pakhosi.

Sisitala anandilola kubwerera m'wodi m'mawa mwake, atandilumbiritsa kuti sindiikanso kanthu m'kamwa mwawo. Anandiphunzitsa kunyowetsa kansalu n'kuwapukuta milomo, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwasisita dzanja lofa lija. Ndinkachita zimenezi ngati munthu wolipidwa, osapuma. Lolemba thupi linatentha. Ndinafunsa dokotala ngati ndi mkaka uja walowa m'mapapo. Anati mwina, mwinanso ayi, poti odwala ogona chigonere chifuwa chimawagwira kawirikawiri ngakhale popanda mkaka. Ndinamupempha kuti andiuze chimodzi, inde kapena ayi. Anati sangandinamize.

Alamu sanabwererenso ku Kabulonga masana monga kale. Ankakhala nane pabenchi, atavula nsapato zawo zazitali, ndipo ana anga anawatengera kwawo. Za batala sitinazitchulenso. Lachiwiri anabwera ndi m'busa wa mpingo wathu, amene anapemphera atagwira chipumi cha amuna anga. Tsiku lomwelo telala anatulutsidwa. Anayenda yekha, akukoka mwendo, atatsamira mkazi wake. Atafika pabedi lathu anaima, n'kuyesa kunena kanthu, koma mawu anakana. Anangogwira phazi la amuna anga pamwamba pa bulangete. Mkazi wake anandisiyira kapu yake yachitsulo.

Amuna anga anamwalira Lachinayi, dzuwa lili pamutu. Ine ndinali kumpopi kuseri kwa wodi ndikuchapa nsalu zawo. Alamu ndi amene anali nawo. Anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, ndipo nditaona mapazi awo opanda nsapato pamatope, ndinadziwa. Ndinapitiriza kufinya nsaluyo mpaka anandilanda.

Uthenga tinatumiza kumudzi, kufupi ndi Katete, kudzera pa wailesi ndi pa telegalamu. Apongozi anga aakazi, mayi awo a amuna anga, anafika Loweruka pa basi. Mwambo unkafuna kuti ine ndikhale pansi m'nyumba ya maliro, koma ndinaumirira kupita nawo ku siteshoni ya mabasi ya Intercity kukawalandira, ndipo alamu anauza anthu kuti andisiye. Ndinkafuna ndiwauze ndekha, asanamve kwa wina.

Basi inafika itachedwa, ili fumbi mpaka pamazenera. Onyamula katundu anaithamangira akukuwa. Apongozi anatsika pomalizira, kamayi kakang'ono kokalamba, katanyamula thumba la ufa pamutu ndi nkhuku yomangidwa miyendo m'khwapa. Atationa anatula katunduyo pansi, anakhala pathumbalo pakati pa anthu, n'kuyamba kulira potchula mwana wawo. Tinagwada pambali pawo. Anthu ankatilambalala ndi masutikesi.

Atatonthola pang'ono anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunditembenukira.

"Mwana wanga, chamutenga n'chiyani?"

Ndinali nditakonza mawu onse m'minibasi, kuyambira pa pepala la ku Woodlands mpaka pa supuni ya mkaka. Ndinatsegula pakamwa. Alamu anandifinya mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa.

"Ndi bipi, amayi," anatero alamu. "Mtsempha unaphulika m'mutu. Mlamu wangayu sanachoke pambali pake."

Apongozi anagwedeza mutu. Anandigwira kumaso ndi manja awo okhakhala, n'kundiyang'anitsitsa.

"Iwenso waonda," anatero. "Nyamula nkhukuyo, tiyeni."